Magalimoto asintha chiyankhulo: tsogolo la amisiri a zamagetsi

M'bokosi la zipangizo la bambo wina wa ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, muli kachida kamene sikapezeka m'sitolo iliyonse. Ndi babu laling'ono la galimoto lolumikizidwa ku waya wotalika ngati mkono, ndipo kunsonga kwake kuli sipoko ya njinga yosongoledwa bwino. Anakapanga okha adakali mnyamata, m'zaka za m'ma 1980. Babu ndi waya akhala akusintha kambirimbiri, koma sipoko ndi yomwe ija. Akagunditsa nsonga yake pa waya wa galimoto, babu likayaka amadziwa kuti moto ukufika. Likapanda kuyaka amadziwa kuti vuto latsalira m'mbuyo, ndipo amalitsata mwachifatse mpaka atalipeza. Kachida kameneka kanalipirira ana awo sukulu, kanamanga nyumba ya malata, ndipo kanawapatsa dzina pakati pa madalaivala a minibasi, amene mpaka lero amangowatchula kuti "amdala a zamagetsi".

Tsiku lina mayi wina anabwera ndi galimoto yaing'ono ya mtundu wa Toyota Aqua. Pa dashibodi panali patayaka chizindikiro cha chenjezo pamodzi ndi mawu a Chijapani. Amdalawo anatsegula boneti monga mwa nthawi zonse. Anafunafuna sitata, osaiona. Anafunafuna alternator, osaipezanso. M'malo mwake anaona mawaya akuluakulu ooneka ngati lalanje lakupsa, olowa m'bokosi lachitsulo limene sanalidziwe. Anaima kwa kanthawi babu lawo lili m'manja, kenaka anatseka boneti mwaulemu.

"Pepani mayi, iyi mukaionetse kwina," anatero.

Pa zaka pafupifupi 40 zimene akhala pantchitoyi, aka kanali koyamba kubweza galimoto asanaikhudze n'komwe. Madzulo a tsikulo nsima inawakanika. Chimene chinkawadya mumtima sichinali ndalama imene inawadutsa. Anazindikira kuti magalimoto otere achulukirachulukirabe, ndipo ntchito imene anaidziwa ngati chikhatho cha dzanja lawo inali itayamba kuwatalikira.

Mmene ntchito inkapezekera kale

Pamene amdalawa ankaphunzira ntchito, njira ya mmisiri inali yodziwika. Mnyamata ankalowa pa kampani yaikulu, n'kuyamba ndi kutsuka zitsulo ndi kunyamula masipanala, kenaka n'kupatsidwa mphunzitsi. Pakapita nthawi ankalemba mayeso a boma a luso la ntchito, kuyambira Giredi 3, kenaka Giredi 2, mpaka Giredi 1. Olemba ntchito aakulu anali ochepa koma okhazikika: kampani ya mabasi ya United Transport Malawi, a Malawi Railways amene anali ndi malo okonzera sitima ku Limbe, nthambi ya boma yosamalira magalimoto ndi makina ya PVHO, minda ikuluikulu ya tiyi, fodya ndi nzimbe, ndiponso makampani ogulitsa magalimoto atsopano. Wopeza mwayi kumeneko ankalandira malipiro a pamwezi, ovolosi, nsapato, ndi chiyembekezo cha penshoni.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Stagecoach ya ku Britain, imene inagula mabasi a UTM mu 1989, inachoka mu 1997. Lamulo logulitsa makampani a boma linakhazikitsidwa mu 1996, ndipo mu 1999 ntchito za sitima zapamtunda zinaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Nthawi yomweyo misewu inadzaza ndi maminibasi a anthu wamba. Amdalawo, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ya zamtengatenga, anali m'gulu la anthu amene anachotsedwa pamene ntchito inachepa. Anatenga bokosi lawo la zipangizo n'kukakhoma kashedi ka malata ku Biwi, pafupi ndi amakaniko, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa masipeya.

Sanali okha. Amisiri ambiri anachoka m'magalaji a makampani n'kukakhazikika pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa misika, ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe, ku Mzuzu. Kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito m'Malawi, 89 anali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula, zopanda kontirakiti ndi chitetezo chilichonse. Amisiri a zamagetsi a m'magalimoto ambiri ali m'gulu limeneli. Amadya zimene apeza tsiku limenelo, ndipo akadwala shedi imatsekedwa.

Komabe zaka zoyambirira za ku Biwi zinali zokoma. Maminibasi a Toyota Hiace ankayenda kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo ankafa kawirikawiri. Magetsi a magalimoto a nthawi imeneyo anali osavuta kuwamva. Moto unkachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi ndi pa switchi, n'kukafika pa nyale, pa hutala kapena pa koyilo. Mmisiri wabwino ankamvetsera kulira kwa sitata n'kudziwa kuti mabulashi atha. Ankanunkhiza alternator n'kudziwa kuti mawaya a mkati apsa, ndipo ankakhala pansi tsiku lonse akukulunga waya watsopano wa mkuwa ndi manja. Ntchito inali kukonza chinthu chowonongeka kuti chibwererenso mwakale. Kugula chatsopano kunali komalizira, zina zonse zikakanika.

Magalimoto a ku Japan ndi ubongo wake

Chimene chinasintha ntchitoyi chinachokera kutali. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ndi boma ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri. Eni ake ambiri amasankha kugulitsa galimoto idakali yabwino. Popeza ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania, magalimotowa anapeza msika wokonzeka kale m'chigawo chino. Intaneti itafalikira, munthu anayamba kusankha galimoto pa kompyuta ali ku Lilongwe, n'kukaitenga pa doko la Dar es Salaam, Durban kapena Beira, n'kulowa nayo pa chipata cha Songwe, Mwanza kapena Dedza. Malondawa anakula mpaka kampani ina ya ku Japan yogulitsa magalimotowa, Be Forward, inathandiza timu ya mpira ya Wanderers kwa zaka zingapo, timuyo n'kumadziwika ndi dzina la kampaniyo.

Lero m'misewu mwadzaza ma Sienta onyamula anthu, ma Vitz, ma Passo, ma Probox, ma Mira ndi ma Freed. Munthu angaganize kuti kuchuluka kwa magalimoto ndi dalitso kwa mmisiri aliyense, ndipo mbali ina n'zoona. Koma magalimotowa anabwera ndi kapangidwe kena. Mulibe kabuleta. Mafuta amathiridwa mu injini molamulidwa ndi bokosi la kompyuta, limene limalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza mpweya wolowa, kutentha kwa madzi, liwiro la injini ndi utsi wotuluka. Mabuleki, giya, chiwongolero, zitseko ndi matumba a mpweya oteteza anthu pangozi, chilichonse chili ndi kabokosi kake. Timabokositi timatumizirana mauthenga kudzera pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inalengeza mu 1986.

Pofuna kuti mmisiri athe kufunsa galimoto chimene chikuivuta, opanga magalimoto anaika pansi pa chiwongolero kachibowo kolumikizira ka mano 16. Dziko la United States linalamula kuti magalimoto onse atsopano akhale nako kuyambira mu 1996, ndipo maiko ena anatsatira. Mmisiri akalumikiza makina oyezera pamenepo, galimoto imatulutsa manambala. P0300 imatanthauza kuti injini ikudumphitsa moto. P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Amene alibe makinawo amangoona nyale ya chenjezo ikuyaka, osadziwa kuti ayambire pati.

Choopsa kwambiri kwa amdalawo chinali chakuti babu lawo lokondedwa linasanduka chida changozi. Babu lotere limakoka moto wambiri. Likagunda waya wopita ku bokosi la kompyuta likhoza kuliwotcha, ndipo likagunda waya wa thumba la mpweya likhoza kuliphulitsa pamaso pa mmisiri. Nayonso ntchito yokulunga mawaya inachepa, chifukwa ogulitsa masipeya anayamba kubweretsa masitata ndi ma alternator ochotsedwa m'magalimoto ophwasulidwa kunja, ndipo mwini galimoto ankaona kuti kusintha n'kofulumira kuposa kudikira masiku awiri. Makasitomala a amdalawo anatsala eni malole akale ndi mapikiapu a kumudzi. Anyamata amene ankabwera kudzaphunzira ntchito anayamba kuchepa. Ena anapita kukayendetsa njinga zamoto za kabaza.

Mwana wa mlongo wawo

Thandizo linachokera kumene sanaliyembekeze. Mlongo wawo wa ku Mitundu anatumiza mwana wake wamkazi, amene anali atakhoza mayeso a MSCE koma sanapeze malo ku yunivesite. Pa chikhalidwe cha Achewa malume sakana mwana wa mlongo wake, kotero anamulandira, poganiza kuti azilemba ndalama m'kabuku ndi kusesa pa shedi. Mtsikanayo anali ndi foni ndiponso Chingerezi chokwanira. Tsiku lina anaonetsa amalume ake kuti akaloza kamera ya foni pa mawu a Chijapani a pa dashibodi, foniyo imawamasulira. Kenaka anawanyengerera kuti agule kachipangizo kotsika mtengo kolumikiza pa kachibowo ka mano 16 kaja, kamene kamatumiza manambala ku foni.

"Amalume, galimoto imanena yokha pamene pakupweteka. Ife tizingomvetsera," anatero.

"Iwe, wodwala akati mutu ukuwawa, si nthawi zonse pamene matenda ali m'mutu," anayankha amdalawo.

Mtsikanayo anaganiza kuti ndi mawu a munthu wokana zatsopano. Patapita milungu ingapo kunabwera Sienta imene inkazima ikayenda kamtunda. Foni inaonetsa nambala yoloza sensa ina ya pa injini. Iye anauza mwini galimoto kuti akagule sensa, ndipo munthuyo anakagula ndi ndalama zimene anabwereka. Ataiika, galimoto inayenda mpaka pa mphambano n'kuzimanso. Mwini wake anabwerera atakwiya, n'kunena mawu amene mtsikanayo sadzaiwala, akuti ntchito ya amuna yapatsidwa kwa mwana wamkazi woseweretsa foni.

Amdalawo sanayankhe. Anagona pansi pa galimoto, n'kuyamba kutsata mtolo wa mawaya ndi zala, kuchokera pa sensa kulowera ku bokosi la kompyuta. Pamalo pena, pamene mtolowo umakhudzana ndi chitsulo, anapeza waya wopekeseka, wotsala ndi timinga tiwiri ta mkuwa. Galimoto ikagwedezeka m'maenje, wayayo ankalekana. Sensa yakale inalibe vuto. Analumikiza wayayo, n'kumukulunga bwino, ndipo ndalama ya sensa anabweza kuchokera m'thumba mwawo.

Madzulo ake anamuuza mtsikanayo kuti makina sananame. Ananena zoona kuti uthenga wa sensa sukufika, koma sananene chifukwa chake. Chifukwacho chimafunika munthu wodziwa mmene moto umayendera, kumene umachokera ndi kumene umabwerera. Kenaka anavomeranso mbali yawo, kuti popanda nambala ija akanatha tsiku lonse akufufuza mbali yolakwika ya injini. Mawu a akulu akoma akagonera, koma tsiku limenelo onse awiri anagona ataphunzirapo kanthu.

Ntchito yagawanika

Zimene zinachitika pa shedi imeneyi zikuonetsa mmene ntchito ya amisiri a zamagetsi ikuyendera m'matauni ambiri a m'chigawo chino. Ntchito siinathe, koma yagawanika m'magulu. Gulu loyamba ndi la amisiri akale, odziwa mawaya koma opanda makina, amene makasitomala awo akutha pamodzi ndi magalimoto akale. Gulu lachiwiri ndi la achinyamata amene anagula makina oyezera, oyenda nawo m'chikwama kuchoka pa galaji ina kupita pa ina, kulipiritsa powerenga manambala ndi kuzimitsa nyale ya chenjezo. Ambiri mwa iwo sanaphunzire maziko a zamagetsi, kotero mankhwala awo ndi amodzi: sinthani chipangizo. Eni magalimoto amataya ndalama pogula zinthu zimene sizinawonongeke. Gulu lachitatu, lochepa kwambiri, ndi la amene ali ndi zonse ziwiri. Amenewa sasowa ntchito. Amaitanidwa ndi makampani a mabasi ndi a malole, mabungwe okhala ndi magalimoto ambiri, ngakhalenso amakaniko anzawo zinthu zikawakanika.

Pabadwanso ntchito zimene kale kunalibe. Makiyi a magalimoto ambiri ali ndi kachipangizo kamene kompyuta ya galimoto iyenera kukazindikira, ndipo kiyi akatayika pamafunika katswiri woti alembetse wina. Eni magalimoto amafuna ma alamu ndi zipangizo zolondolera galimoto ikabedwa. Mawailesi a m'magalimoto akale a ku Japan amagwira kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, kotero pafupifupi galimoto iliyonse yotere imafuna kachipangizo kowonjezera kapena wailesi ina. Njinga zamoto za kabaza nazo zili ndi mabatire, makoyilo ndi nyale zofuna kukonzedwa. Ena mwa amisiri a magalimoto alowanso ntchito yoika magetsi a dzuwa m'nyumba, popeza batire ndi waya n'zimene akhala akugwira moyo wawo wonse.

Kugwa mphamvu kwa kwacha kwakhudza ntchitoyi mbali ziwiri. Ndalamayi inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Makina oyezera abwino amagulidwa ndi madola, ndipo ambiri amafuna kulipiridwa chaka ndi chaka kuti azizindikira magalimoto atsopano. Kwa mmisiri wa pa shedi mtengowo unafika posafikirika. Koma masipeya nawonso anakwera, ndipo eni magalimoto anayambanso kufunsa ngati chinthu chingakonzedwe m'malo mogula china. Amdalawo anadabwa kuona alternator zikubwereranso pa benchi lawo kuti azikulunge, ntchito imene ankaganiza kuti inafa. Anyamata odziwa kukulunga ndi ochepa, chifukwa kwa zaka zambiri panalibe amene ankafuna kuphunzira.

Mawaya a mtundu wa lalanje

Kusowa kwa mafuta kumene kunavuta dziko mu 2011 ndi 2012, n'kubweranso kuyambira mu 2022, kunachititsa anthu ambiri kuganizira magalimoto osamwa mafuta ambiri. Apa m'pamene magalimoto oyendera petulo ndi magetsi pamodzi anapezera msika. Toyota inayamba kugulitsa Prius mu 1997 ndipo Aqua inatuluka mu 2011, kotero ku Japan alipo ambiri ogwiritsidwa kale ntchito. Mumagalimoto amenewa, mota ya magetsi ndi imene imalizitsa injini ndi kutchaja batire, n'chifukwa chake amdala aja sanapeze sitata kapena alternator.

Kusiyana kwake sikuthera pomwepo. Batire wamba wa galimoto ali ndi mavoti 12, ndipo mmisiri akhoza kugwira mitu yake ndi manja popanda choopsa. Batire lalikulu la Aqua yoyambirira lili ndi mavoti 144, ndipo la Prius ya m'badwo wachiwiri ndi wachitatu limapitirira pang'ono mavoti 200. Mphamvu yotere ikhoza kupha munthu. Mawaya ake amapangidwa a mtundu wa lalanje kuti akhale chenjezo. Asanagwire chilichonse, mmisiri ayenera kuzimitsa galimoto, kuvala magolovesi osadutsa moto, kuzula pulagi yapadera yodula batirelo, kudikira mphindi zingapo kuti moto wotsalira uthe, kenaka kuyeza ndi mita. Pa magalaji a pansi pa mtengo, pamene mnyamata amaphunzira poonerera ndipo waya amayesedwa pomugunditsa ku chitsulo kuti athetheke, chizolowezi chakale chikhoza kusanduka maliro. Pamene amdalawo anabweza galimoto ya mayi uja, anachita mwanzeru kuposa mmene ankadziwira. Safunsa anadya phula.

Sukulu, mapepala ndi malire

Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha ndalama zothandizira maphunzirowo. Pali makoleji a boma ndi a mipingo monga a Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera. Dziko la Zambia lili ndi bungwe la dzina lomwelo, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi ili ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Malo a m'makoleji sangakwanire khamu lotere. Ambiri adzapitiriza kuphunzirira pa shedi, kwa amisiri ngati amdala a ku Biwi.

Ichi n'chifukwa chake funso la mmisiri wokalamba likukhudza aliyense. Iye ndiye sukulu yaikulu ya ntchitoyi. Akatsalira m'mbuyo, amatsalira pamodzi ndi anyamata ndi atsikana onse amene akuphunzira kwa iye. Maphunziro a zaka zitatu kapena zinayi sangamuthandize, chifukwa sangatseke shedi pamene banja likudikira ufa. Chimene chingamuthandize ndi maphunziro afupiafupi a madzulo kapena a Loweruka, ophunzitsidwa m'Chichewa, pa galimoto yeniyeni ya masiku ano, oyamba ndi chitetezo cha moyo. Chingamuthandizenso ndi mgwirizano wa amisiri a malo amodzi wogula makina abwino amodzi n'kumabwerekana, popeza mutu umodzi susenza denga. Ndipo dongosolo loyesa ndi kupereka satifiketi kwa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi liyenera kufika kumene amisiriwo ali, m'malo modikira kuti iwo alifunefune.

Pepala ndi lofunika chifukwa ntchito zolipira bwino zimafuna umboni. Sitima zonyamula malasha pa njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi mpaka ku Nacala, zimakokedwa ndi mitu imene injini yake ya dizilo imapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amazunguza mawilo. Malole akuluakulu ambiri a m'migodi ya mkuwa ku Zambia amayenda mwa njira yomweyo. Ku South Africa kuli mafakitale a Toyota ku Durban, Volkswagen ku Kariega, BMW ku Rosslyn ndi Mercedes-Benz ku East London, ndipo mu 2021 fakitale ya ku Durban inayamba kupanga Corolla Cross yoyendera petulo ndi magetsi. Malo onsewa amafuna amisiri a zamagetsi, koma amafuna okhala ndi satifiketi. Amisiri ambiri a ku Malawi amene amapita ku Joni opanda mapepala a luso lawo amakathera m'magalaji a m'makwalala, kumene amalipidwa mochepa ngakhale manja awo ali odziwa.

Malamulo a maiko akukankhiranso mbali yomweyo. Mu 2021 dziko la Zimbabwe linaletsa kulowetsa magalimoto ambiri opitirira zaka 10, ndipo Kenya ili ndi malire a zaka 8. Galimoto ikakhala yatsopanoko, makompyuta ake amachulukanso. Mu 2024 dziko la Ethiopia linaletsa kuitanitsa magalimoto a anthu wamba oyendera petulo kapena dizilo, ndipo ku Kenya ndi ku Rwanda kukuyenda kale mabasi ndi njinga zamoto za magetsi okhaokha. Galimoto ya magetsi ilibe mapulagi, ilibe lamba wa injini, siisinthidwa oyilo wa injini. Ntchito ya makaniko wamba idzachepa, pamene ya mmisiri wa zamagetsi idzakula. Funso ndi lakuti ntchito imeneyo idzagwera ndani: ana a m'dera momwemo, kapena akatswiri ochepa a m'makampani akuluakulu amene munthu wamba sangathe kuwalipira.

Galimoto ija ibweranso

Mtsikana uja anapeza mwayi wa maphunziro a masabata ochepa kwa katswiri wina wa magalimoto oyendera petulo ndi magetsi. Ndalama zake anapereka ndi amalume ake, atagulitsa mulu wa masitata akale amene anasunga kwa zaka zambiri. Atabwerako anapachika magolovesi a labala pa msomali wa pa shedi, n'kulamula kuti pasapezeke wogwira waya wa lalanje iye palibe. Anyamata anaseka, koma amdalawo anawadzudzula, ndipo lamulolo linakhazikika.

M'nyengo ya fumbi ya mwezi wa October kunabwera Aqua ina. Makina anaonetsa vuto la batire lalikulu, ndipo mwini wake anali atauzidwa kale kwina kuti agule batire lina, pa mtengo umene unamusowetsa tulo. Mtsikanayo anachita zonse mwa dongosolo, amalume ake ataima pambali manja ali kumbuyo. Asanamasule kanthu, amdalawo anamupempha kuti ayatsenso galimotoyo kaye. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuwerama pafupi ndi mpando, pamene pali batirelo, n'kutchera khutu.

"Pamenepa pali fani? Ikulira ngati munthu wa chifuwa," anatero.

Atatsegula anapeza fani yoziziritsa batire itatsekeka ndi fumbi, ulusi ndi tsitsi. Batire linkatentha chifukwa chosowa mpweya. Anaitsuka, n'kuyezanso zigawo za batirelo chimodzichimodzi, ndipo mtsikanayo anauza mwini galimoto zoona zake: batirelo latopa ndithu ndipo tsiku lina lidzafuna kusinthidwa, koma tsikulo silinafike. Munthuyo anabwera ndi anzake awiri mwezi wotsatira.

Zonse sizinakonzeke. Shedi ikadali ya malata, yopanda inshuwalansi, ndipo makina amene ali nawo sawerenga magalimoto ena. Mtsikanayo alibe satifiketi yovomerezeka, ndipo mnzake wa ku sukulu amene ali ku Johannesburg amamulembera kawirikawiri kuti apite. Amdalawo amadziwa kuti akapita, shedi idzabwerera ku malole akale, ndipo iwo maso ayamba kuchita chidima. Sanamuletse, koma sanamulimbikitsenso. Anangomuuza kuti akafuna kupita ayambe walemba mayeso, kuti asakagwire ntchito ya ukatswiri pa malipiro a wonyamula masipanala, ndiponso kuti asanachoke aphunzitse anyamata awiri amene alipo.

Pakadali pano akadali pa Biwi. M'mawa amalume amamuphunzitsa kukulunga waya wa mkuwa, kuwerenga mizere ndi kusunga nambala yake pamtima. Masana iye amawaphunzitsa kuwerenga mapu a mawaya pa foni, atakulitsa zilembo kuti aone bwino. M'bokosi la zipangizo tsopano muli timababu tiwiri toyesera. Kakale kaja amakagwiritsabe ntchito pa nyale ndi pa malole. Kenako anapanga ndi mtsikanayo, ndi kanyale ka LED kamene kamakoka moto wochepa kwambiri moti sikangawotche kompyuta. Sipoko yake anakapempha kwa wokonza njinga wa pafupi, ndipo amalume ake ndi amene anamusongolera pa mwala.